Mwana M'chitokosi: Mbiri ya Lamulo la Milandu ya Ana ku South Africa

Munthu wochoka ku Johannesburg kulowera ku Pretoria pa msewu wa N1 amadutsa pa Midrand, pamene kale pankadziwika ndi dzina loti Halfway House chifukwa apaulendo ankapumulirapo ali pakati pa mizinda iwiriyi. Lero pamalopa pali Nyumba ya Malamulo ya Africa yonse, imene inakhazikika ku Gallagher Estate mu 2004, komanso ofesi ya mkulu wa oweruza onse m'dzikolo pamodzi ndi bungwe losula majaji ndi mamajisitireti. Kuseri kwa nyumba zagalasizo kuli Ivory Park ndi Kaalfontein, moyandikana ndi Tembisa, kumene Amalawi ambiri odzasaka ganyu ku Joni amachita lendi tizipinda, ndipo ana awo akukulira komweko. Mwana wotereyu akagwidwa ndi apolisi amagwa m'manja mwa lamulo lotchedwa Child Justice Act, la nambala 75 la chaka cha 2008. M'nkhani ino tilondola kumene lamuloli linachokera, pakuti ndi limodzi mwa malamulo ochepa mu Africa muno amene tingaloze bwinobwino dzanja la anthu a kusukulu za ukachenjede pa kusulidwa kwake.

Ambiri amaifotokoza mbiriyi ngati chitsanzo cha ubwenzi wokoma pakati pa boma ndi mayunivesite. Ine ndimauona ubalewo ngati wa chisuweni: anthu odyera mbale imodzi, koma ololedwa kunenana mawu olasa amene mlendo sangayerekeze kuwatchula. Akatswiri omwewo amene anakhala pa mphasa imodzi ndi nduna polemba lamulo ndiwo anadzakokera boma kukhoti pamene linapotoka.

M'zaka za m'ma 1980 boma la tsankho linatsekera ana zikwizikwi popanda kuwazenga mlandu, makamaka pa nthawi ya malamulo a zadzidzidzi a mu 1985 ndi 1986. Msonkhano waukulu umene unachitikira ku Harare mu Sepitembala 1987 unaulula nkhanzazi ku dziko lonse lapansi. Komatu ana amene ankaliridwa kumeneko anali ana omangidwa pa zifukwa za ndale. Mwana wakuba buledi analibe womulira. Iye ankaonekera m'bwalo lomwelo la akuluakulu, ndipo chilango chimene oweruza ankachipeza msanga chinali chikoti. Kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1990 anyamata oposa 30,000 ankagamulidwa kukwapulidwa chaka chilichonse.

Chimene chinatembenuza maso a anthu ndi imfa ya Neville Snyman mu 1992. Mnyamatayu anali ndi zaka 13, ndipo anagwidwa m'tauni ya Robertson, kufupi ndi Cape Town, pa mlandu wothyola sitolo ndi kuba maswiti ndi zakumwa pamodzi ndi anzake. Anamutsekera limodzi ndi ena omuposa msinkhu, ndipo iwowo anamumenya mpaka kumupha mlandu wake usanazengedwe. Chaka chomwecho mabungwe atatu, Community Law Centre ya pa Yunivesite ya Western Cape, Lawyers for Human Rights ndi NICRO, anayambitsa kampeni yoti mwana asamaikidwe m'khola ngati chiweto. NICRO, bungwe lakale lothandiza otuluka kundende, inayambanso kugwirizana ndi oimira boma pa milandu kuti ana opalamula milandu ing'onoing'ono aziwapatutsa, ndiye kuti aziwachotsa pa njira ya kukhoti ndi kuwapatsa maphunziro a makhalidwe, ntchito yothandiza mudzi, kapena mwayi wokumana ndi wolakwiridwa ndi kupepesa. Panalibe lamulo lililonse lolamula zimenezi. Zinkadalira mtima wa woimira boma wa pamalopo, motero mwana wa m'tauni ankapindula pamene wa kumudzi sankazimva n'komwe.

Dzina la Community Law Centre tiligwiritsitse. Likululi linatsegulidwa mu 1990, ndipo mkulu wake woyamba anali Dullah Omar, loya amene anaimirapo akaidi a ndale ambiri. Patangopita zaka zinayi, Omar yemweyo anakhala Nduna ya Zachilungamo m'boma la Nelson Mandela. Pamene tikunena za mgwirizano wa yunivesite ndi boma m'zaka zimenezo tisaganize za mapangano osainidwa pa mwambo wa zithunzi. Anali anthu odziwana kale, ena atalowa m'boma, ena atatsala m'makalasi, ndipo foni inkayankhidwa. Mwayi wotere suchitika kawiri, ndipo amene amafuna kukopera chitsanzo cha South Africa amaiwala msanga mbali imeneyi. Likululi linasinthidwa dzina mu 2015 kukhala Dullah Omar Institute.

Phunziro loyamba linabwera mowawa. Polankhula ku Nyumba ya Malamulo mu Meyi 1994, Mandela analonjeza kuti boma lichotsa ana m'ndende mwachangu. Aphungu anasintha gawo 29 la lamulo la zandende, ndipo kusinthako kunayamba kugwira ntchito pa 8 Meyi 1995: mwana woyembekezera mlandu asasungidwenso kundende. Cholinga chinali chabwino, koma panalibe amene anayamba wawerenga mabedi. Ana mazanamazana anatulutsidwa nthawi imodzi. Ena anabwezedwa kwa makolo, ena anatumizidwa ku nyumba zosungira ana ovutika, zimene zinamangidwira ana amasiye ndi otayidwa, zopanda mipanda yolimba ndiponso zopanda antchito odziwa kusamala mnyamata wa zaka 17 woganiziridwa mlandu wakupha. Ambiri anathawa, ena sanabwerenso kukhoti, ndipo nyuzipepala zinadya nazo bwino nkhanizo. Mu 1996 aphungu anabwerera m'mbuyo ndi kulolanso kuti ana a zaka 14 kupita m'tsogolo, oganiziridwa milandu ikuluikulu, azisungidwa kundende. Ankati n'zakanthawi chabe, koma zinakhala zaka zoposa khumi. Akuluakulu anati kuthamanga sikufika.

Chisokonezocho chinabala zinthu ziwiri. Boma linakhazikitsa komiti ya maunduna angapo yoona za achinyamata amene ali pa chiopsezo, motsogozedwa ndi Geraldine Fraser-Moleketi, ndipo komitiyo inayendera nyumba zosungira ana ndi masukulu osinthira makhalidwe, n'kutulutsa lipoti loopsa mu 1996. Chachiwiri, ndipo ndicho chachikulu, aliyense wokhudzidwa anagwira mfundo yoti lamulo lotsatira lisadzalembedwe ndi chifundo chokha. Mwezi wa Juni 1995 unawonjezera changu. Pa 9 Juni Khoti Loona za Malamulo Oyendetsera Dziko, pa mlandu wa S v Williams, linathetsa chilango chokwapula ana, m'chigamulo chimene analemba Jaji Pius Langa. Pa 16 Juni dzikolo linavomereza Pangano la United Nations la Ufulu wa Ana. Oweruza analandidwa chikoti asanapatsidwe china chogwira m'malo mwake.

Kumapeto kwa 1996 Omar anapempha bungwe lounika malamulo, South African Law Commission, kuti lifufuze nkhaniyi. Komiti yake inatsogozedwa ndi Ann Skelton, loya wa Lawyers for Human Rights, ndipo mmodzi mwa mamembala ake anali Julia Sloth-Nielsen wa pa Yunivesite ya Western Cape. Anatulutsa chikalata chofunsa maganizo mu 1997, china chokambirana pamodzi ndi bilu yoyeserera mu 1998, ndipo lipoti lomaliza mu 2000. Anafunsa apolisi, oweruza ndi a zachisamaliro cha anthu, koma anachitanso chinthu chachilendo pa nthawiyo: anafunsa ana eniake, ena a iwo ali m'ndende, ndipo mayankho awo anasindikizidwa mu 1999. Wophunzira zinenero sangalephere kuona kuti ntchitoyi inayamba ndi mawu a Chingerezi akuti juvenile n'kuthera pa mawu akuti child. Mawu oyambawo anali atanunkha kale upandu. Ukangowatchula womva waona kale mbava. Mawu achiwiriwo amakumbutsa woweruza kuti amene waima m'bokosimo ali ndi amake. Lamulolo litatuluka linatchulanso ubuntu pakati pa zolinga zake, umene kwathu timati umunthu.

Koma kafukufuku amene anatsegula zitseko za Unduna wa Zachuma sanali wa maloya. Gulu la akatswiri a zachuma la Applied Fiscal Research Centre, logwirizana ndi Yunivesite ya Cape Town, motsogozedwa ndi Conrad Barberton, linapemphedwa kuwerengera mtengo wa biluyo isanafike n'komwe kwa aphungu, ndipo zotsatira zoyamba zinatuluka mu 1999. Njira yawo inali yosavuta kuimva. Anatsata ulendo wa mwana kuyambira pogwidwa mpaka pogamulidwa, ndipo pa sitepe iliyonse anafunsa kuti ana angati amadutsapo, amakhalapo masiku angati, amafuna antchito angati, ndipo zonsezo zimadya ndalama zingati. Kenaka anayerekeza njira yakale ndi yatsopano. Anapeza kuti kusunga mwana m'ndende miyezi yambiri, kumamunyamula kupita kukhoti mlandu n'kumangoimitsidwa, n'kodula kuposa kumuunika msanga ndi kumupatutsa. Ndalama zikanapulumuka ku ndende ndi ku makhoti, pamene a zachisamaliro cha anthu akanafuna zowonjezera kuti alembe antchito ounika ana. Iyi inali bilu yoyamba m'dzikolo kuwerengeredwa chonchi isanakambidwe. Tinene pambali kuti ndalama yopulumuka ku unduna umodzi siyenda yokha kupita ku unduna wina, makamaka poti zachisamaliro zili m'manja mwa maboma a zigawo. Vuto limeneli linadzaonekera pambuyo pake.

Funso lina linali la munthu wamba: kodi mwana wopatutsidwayo sabwereza? Lukas Muntingh, amene pa nthawiyo anali ku NICRO, analondola ana amene anadutsa m'mapologalamu opatutsa, ndipo anapeza kuti pa ana khumi alionse amene anapezeka, wobwereza mlandu m'chaka choyamba sankakwana mmodzi. Wowerenga mosamala aona mawu akuti amene anapezeka, pakuti mwana wosowa sayankha mafunso a kafukufuku, ndiponso ambiri mwa opatutsidwawo anali a milandu yaing'ono. Ngakhale zinali choncho, aphungu anali ndi chiwerengero m'manja m'malo mwa mantha okhaokha.

Biluyo inaperekedwa ku Nyumba ya Malamulo mu 2002, ndipo komiti ya zachilungamo, motsogozedwa ndi Johnny de Lange, inamva maganizo a anthu mu 2003. Kenaka inagona. Inagona zaka pafupifupi zisanu. Dziko linali pa mantha ndi umbanda, lamulo la zilango zosatsitsika linali litakhazikitsidwa kale mu 1997, ndipo wandale aliyense ankadziwa kuti kuchitira chifundo mnyamata wogwira mpeni sikubweretsa mavoti. Apa m'pamene kufunika kwa yunivesite kunaonekera kwambiri, kuposanso pa nthawi yolemba. Nduna zinasintha, akuluakulu a m'maunduna anasamutsidwa, opereka thandizo anatembenukira kwina, koma mgwirizano wa mabungwe wotchedwa Child Justice Alliance, umene ofesi yake inali ku Community Law Centre, unapitiriza kuwerenga ana a m'ndende ndi kusindikiza kalata yake ya Article 40, imene inatenga dzina ku ndime ya pangano la United Nations yonena za ana oimbidwa milandu. Yunivesite ili ndi chinthu chimodzi chimene boma la zaka zisanu lilibe: imakumbukira.

Biluyo itadzuka kumapeto kwa 2007 inali itasintha nkhope. Ana okulirapo oganiziridwa milandu ikuluikulu anali atachotsedwa pa mwayi wounikidwa ndi wopatutsidwa. Mu 2008, komiti ili m'manja mwa Yunus Carrim, akatswiri aja analoledwa kukhala nawo pa zokambirana ndime ndi ndime, ndipo zambiri zimene zinachotsedwa zinabwezeretsedwa. Pulezidenti Kgalema Motlanthe anasaina lamulolo mu Meyi 2009, ndipo linayamba kugwira ntchito pa 1 Epulo 2010, patatha zaka 18 chimwalirire Neville Snyman. Mwachidule, lamuloli limati mwana wogwidwa aunikidwe ndi wa zachisamaliro cha anthu, aonekere pamaso pa majisitireti pasanathe maola 48 pa msonkhano wosakhala wa mlandu weniweni, kumene kholo limakhalapo, ndipo pamenepo aone ngati n'kotheka kumupatutsa. Ndende ikhale njira yotsiriza, ndiponso kwa nthawi yochepetsetsa.

Chisuweni chija chinaoneka inki isanaume. Mu 2007 aphungu omwewo anali atakulitsa lamulo la zilango zosatsitsika kuti likhudzenso ana a zaka 16 ndi 17. Centre for Child Law ya pa Yunivesite ya Pretoria, kumene Skelton anali atasamukira, inasumira nduna, ndipo mu Julaye 2009 Khoti Loona za Malamulo Oyendetsera Dziko, m'chigamulo cha Jaji Edwin Cameron, linati zimenezo n'zosemphana ndi malamulo a dziko. Likulu lodyera m'thumba la unduna silikanayerekeza kuchita zotere. Nkhani ya msinkhu inayendanso mokokanakokana. Kale mwana wa zaka 7 ankatha kuzengedwa mlandu. Lamulo la 2008 linakweza msinkhuwo kufika pa zaka 10, n'kulamula kuti boma lisonkhanitse ziwerengero ndi kuunikanso nkhaniyo pasanathe zaka zisanu. Kuunikako kunachedwa, koma kunabala kusintha kwa mu 2019 kumene kunakweza msinkhu kufika pa zaka 12 kuyambira mu Ogasiti 2022. Komiti ya United Nations ya Ufulu wa Ana, imene Skelton anasankhidwa kukhala wapampando wake mu 2023, imalimbikitsa zaka 14.

Nanga zinaphula kanthu? Cha m'ma 2000 ana oposa 2,000 ankakhala m'ndende za dzikolo nthawi imodzi akudikira milandu. M'zaka za pambuyo pa lamulolo chiwerengerocho chinatsika kufika pa mazana ochepa chabe, ngakhale kuti kutsikako kunayamba lamulo lisanayambe kugwira ntchito. Koma ofufuza omwewo anaonanso chinthu chodabwitsa: ana ogwidwa ndi apolisi anachepa, ndipo opatutsidwa anachepanso. Ena mwa iwo anakayika kuti mwina si umbanda umene unachepa, koma kuti wapolisi wosaphunzitsidwa bwino, poona mafomu ndi udindo wofunafuna kholo usiku, ankangomusiya mwanayo kapena kuthana naye m'njira zosalembedwa. Ndiponso nyumba zingapo zosungira ana oyembekezera milandu zinaperekedwa m'manja mwa kampani ya Bosasa, imene inagwa mu 2019 pambuyo pa umboni wa ziphuphu woperekedwa ku komiti yofufuza ya Jaji Raymond Zondo. Chikomekome cha mkuyu.

Kwathu ku Malawi njira inali yofananako, koma mwini kafukufuku anali wina. Lipoti la Dorothy Jolofani ndi Joseph DeGabriele la mu 1999, lonena za Edzi m'ndende, linaulula mmene anyamata a m'ndende ya Zomba ankalowetsedwera ku zipinda za akuluakulu ndi kugwiriridwa posinthana ndi chakudya kapena bulangeti. Linalembedwa mothandizidwa ndi Penal Reform International, bungwe lomwenso linathandiza kuyambitsa Paralegal Advisory Service mu 2000. Bungwe lounika malamulo linaunika lamulo lakale la ana ndi achinyamata la mu 1969, ndipo mu 2010 Nyumba ya Malamulo inavomereza Child Care, Protection and Justice Act, imene ili ndi makhoti a ana ndi njira yopatutsa. Mu 2017 malamulo oyendetsera dziko anasinthidwa kuti mwana akhale aliyense wosakwana zaka 18, osati 16 monga kale. Pa pepala sitili m'mbuyo kwenikweni. Koma ntchito yoyendetsedwa ndi ndalama za polojekiti imatha tsiku limene polojekiti yatha, ndipo funso loyenera kuwafunsa anzathu a ku Yunivesite ya Malawi ndi ku Mzuzu n'lakuti ndani adzakhala akuwerenga ana a ku Bvumbwe, ku Mpemba ndi ku Chilwa zaka makumi awiri zikubwerazi.

Tibwerere ku Midrand, kwa mwana wa ku Ivory Park uja. Lamulo la 2008 limanena kuti mwana alankhulidwe ndiponso alankhule m'chinenero chimene wasankha, kudzera mwa womasulira ngati kuli kofunika. Koma Chichewa sichili m'gulu la zinenero 12 zovomerezeka m'dzikolo, ndipo omasulira zinenero za kunja amaitanidwa mwa ganyu. Akasowa, mlandu umaimitsidwa. Kuwonjezera apo, mu 2017 akuluakulu a makhoti, pansi pa Jaji Wamkulu Mogoeng Mogoeng, anagamula kuti zolembedwa zonse za m'khoti zizikhala m'Chingerezi. Ndiye kuti chimene chimasungidwa m'faelo ndi mawu a womasulira. Mawu a mwanayo amauluka.

Izi zili ndi kulemera kwake pa mfundo yeniyeni imene lamulo lonse laimirapo. Kuti mwana apatutsidwe, ayenera kuvomera kuti ndiye anachita chinthucho, ndipo avomere mosakakamizidwa. Tsono taganizani mawu akuti ndalakwa. M'Chichewa mneni ameneyu amanyamula zonse: kuphonya njira, kusokoneza masamu, kukhumudwitsa wamkulu, ndi kupalamula mlandu. Mwana woleredwa bwino akaona akuluakulu atamuzungulira nkhope zili gwaa, amagwetsa maso pansi n'kunena kuti pepani, ndalakwa, ngakhale asanamve bwino chimene akumunenera, poti kwathu mwana satsutsana ndi wamkulu pagulu. Womasulira wothamanga akawapereka mawuwo ngati kuvomera mlandu, faelo imatsekedwa bwinobwino, mwana amapatutsidwa, ndipo chiwerengero cha chaka chimenecho chimaoneka chokongola. Wina akhoza kunena kuti palibe chaipa, poti mwanayo sanapite kundende. Komatu dzina lake lalembedwa m'kaundula wa opatutsidwa, ndipo akadzalephera kutsiriza pologalamuyo mlandu ukhoza kubwereranso kukhoti, kuvomera kuja kukumutsata. Chimodzimodzi kwa mwana wa zaka 12 kapena 13, amene boma liyenera kutsimikiza kuti amasiyanitsa chabwino ndi choipa: kuyesako kumachitika ndi mafunso, ndipo mafunso ali ndi chinenero chake. Ngakhale msinkhu umene umavuta, pakuti ambiri obadwira kumudzi kwathu lamulo la kalembera la mu 2010 lisanayambe kugwira ntchito alibe chiphaso cha kubadwa, ndipo mayi akafunsidwa zaka za mwana akhoza kuyankha kuti anabadwa chaka cha njala.

Akatswiri a zachuma a mu 1999 anatsata mwana sitepe ndi sitepe n'kuwerenga masiku ndi marandi. Njira yomweyo ikhoza kutsata mawu: chimene wapolisi anafunsa, chimene womasulira ananena, chimene mwana anayankha, ndi chimene chinalembedwa. Pofunika chilolezo cha khoti, chilolezo cha makolo, ndi ophunzira odziwa bwino Chichewa, Chishona kapena Chitsonga cha ku Mozambique, ndipo ophunzira otere adzaza m'madipatimenti athu a zinenero kuyambira ku Zomba, ku Lusaka mpaka ku Pretoria. Bungwe losula mamajisitireti limene lingagwiritse ntchito zotsatira zake lili ku Noordwyk, m'Midrand momwemo, ulendo waufupi wa pa minibasi kuchokera ku Ivory Park.